Bwato la Apongozi Anga

Mawa chikwana chaka chimwalirire apongozi anga aamuna, a Zuze Alufandika. Ana andifunsa ngati tikalambule kumanda, ndawauza kuti makasu ali pakhonde, apite. Ine sindinaganize ngati ndipita nawo. Pamaliro paja sindinalire. Ndinakhala m'nyumba ya siwa ndi amayi anzanga, ndinafunda nsalu kumutu, ndinatulutsa mawu monga achitira mkazi wa pakhomo, koma m'maso munali gwa. Mpaka lero ndikati ndiwakumbuke ndimadikira kuti mwina chisoni chibwera, kapena mkwiyo, koma chimene chimafika ndi fungo la adyo basi.

Ndine mkazi wa mwana wawo Luwisi, amene amadula nzimbe ku Nchalo ndipo amabwera kuno kwa Tengani pakutha pa mwezi. Choncho munthu amene ndamuona masiku ambiri pa banja langa ndi bambo ake a Luwisi, osati Luwisi. Tinakhala bwalo limodzi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, nyumba yawo uku, yanga uko, pakati nkhokwe ndi nkhuku. Ndinkawatcha ababa. Iwo ankanditcha mai a Rozina, ndipo sananditchulepo kuti iwe, ngakhale tsiku limene anandichotsa ulemu pamaso pa anthu.

Anali aafupi, a miyendo yowonda ngati mabango, oyenda mothamanga ngati asiya mphika pamoto. Chipewa cha mlaza sichinkachoka kumutu, ndipo m'kati mwake ankapanikizamo khadi la chipani. Anyamata akawaimitsa pakhomo la msika kuti aonetse khadi, ankavula chipewa, kuwaonetsa m'kati, n'kuvalanso, osatulutsa liwu. Anthu ankati a Zuze ndi aulemu, amavulira chipewa ana ang'ono. Iwo ankati munthu wobadwira tsidya la mtsinje pamsika amapita ndi maso, pakamwa amasiya kunyumba. Ndipo zoonadi pakamwapo tinkapapeza kunyumba. Chisena ndi Chimang'anja zinkatuluka pamodzi, ndipo panalibe mbuzi, mlendo kapena mdzukulu amene sanalawe lilime lawo.

Kwawo kunali m'tsinde mwa phiri la Morumbala, limene timaliona kum'mawa kukacha bwino. Anawoloka Shire nthawi ya Apwitikizi pothawa ntchito yokakamiza. Akazi awo, a Nyakhuwa, amene ine sindinawapeze, anawoloka ndi mwana kumbuyo ndi mitu isanu ya mankhwala atamanga pa mfundo ya nsalu. Mankhwalawo ndi duwa la m'phiri. Tsamba lake lili ngati la mapira aang'ono, duwa ndi lachikasu la madontho ofiirira, ndipo pansi pamakhala mutu wonga anyezi koma wolimba, woyera m'kati, wonanda ukaudula. A Zuze ankautcha anyezi wa m'phiri. Ankauyanika, kuusinja, n'kupatsa anthu kuti azithira pang'ono m'phala, makamaka amene awonda ndi chifuwa chokhalitsa ndi amayi amene mkaka sukutuluka. Ena ankachira, ena tinakawaika. Iwo sankadzitama. Ankati alibe ula, alibe mizimu yowalotetsa, ali ndi mutu umodzi wa chomera ndi mphuno. Munthu akabwera akutsokomola magazi ankamuthamangitsira kuchipatala ndi mawu oti sangawabwereze pano.

Dothi la kuno kuchigwa limasunga madzi, ndipo chaka china chilichonse Shire amabwera kudzationa pakhomo. Duwa la m'phiri silingakhale m'dothi lotero. Ndiye a Zuze anapempha kwa msodzi wina bwato lakale lodontha, analibowola pansi malo angapo, analikweza pa mphanda zinayi kuseri kwa nyumba yawo, patsinde pa mtengo wa nimu, n'kudzazamo dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga. Alendo ankaseka akaona bwato lili m'mwamba, masamba ali biriwiri m'kati. Iwo ankayankha kuti bwato limenelo lawolotsa anthu ambiri kuposa pamene linali pamadzi.

M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, ankapita kuseriko. Ankafukula pang'ono ndi chala pakhosi pa mutu uliwonse, kuwerama, n'kununkhiza. Ankati diso limachedwa, likamaona kuwola ndiye kuti mphuno inadziwa dzana. Ndipo anali ndi lamulo limodzi lomwe mudzi wonse unkalidziwa: munthu wotentha, ndiye kuti amene wakhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi wake, asayandikire bwato. Ife tonse tinakula ndi malamulo otero. Wotentha sagwira khanda, sagwira mankhwala, sathira mchere m'ndiwo za wodwala. Panalibe chachilendo.

Chachilendo chinali kabotolo. Anali nako kabotolo ka mchere kotseka ndi chitsononkho, kamene kankakhala pamwamba pa khoma la khonde lawo. Ndikaphika ndiwo, kaya makakana, kaya chisoso, ndinkayamba ndapatula mbale yawo ndisanathire mchere. Ndinkagwada chapatali, kuika mbale pansi, iwo n'kuthokoza m'Chisena kuti takhuta, n'kutambasula dzanja kukatenga kabotolo. Zaka khumi ndi ziwiri tinachita zimenezi tsiku lililonse, kaya Luwisi alipo, kaya ali ku Nchalo. Alendo ankaona. Ana anga anakula akuganiza kuti agogo onse amatero.

Mlangizi wa thonje, mnyamata wa kumpoto woyenda pa njinga, anaima tsiku lina kuyang'ana m'bwato muja ali patali. Anati kwawo kuli abale ake a chomera chimenechi, amawatcha chinaka, ndipo amaphika n'kudyera nsima. A Zuze anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Mumadya? Mankhwala mumadya ngati ndiwo?"

"Inde madala, n'zokoma kwabasi."

"Ndiye mukadwala mumamwa ninji, msuzi wa nyemba?"

Kuyambira pamenepo akamuona akubwera ankauza aliyense kuti bisani mankhwala, wakudya uja wafika.

Ndi akatekisiti anakangana zaka zambiri. Akatekisiti ankati Mkhristu sasunga bwato la zitsamba kuseri kwa nyumba. A Zuze ankapitabe kutchalitchi Lamulungu lililonse, kukhala kumbuyo kwenikweni, n'kumatsokomola dala ulaliki ukafika pa za asing'anga. Akazi a akatekisitiwo atabereka mkaka osatuluka, akatekisiti eni ake anabwera masana dzuwa lili pamutu, atazungulira njira ya kudimba. A Zuze anawapatsa ufa uja osanena kanthu, koma Lamulungu lotsatira anakhala kutsogolo.

Nkhondo itafika tsidya lija, anthu anayamba kuwoloka ndi mitolo pamutu, mudzi wathu unadzaza. A Zuze ankayenda m'misasa kufunafuna ochokera kwawo, ndipo funso linali limodzi: kodi kuphiri kukukwereka? Onse ankapukusa mutu. Njira zinali ndi mabomba okwirira, ndipo amene anakwera sanatsike. Mai wina wokalamba wa kwawoko anabwera nawo pakhomo, anaima pa mpanda wa bango, anaona masamba aja, anakhala pansi pomwepo mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku limenelo a Zuze sanakalipire aliyense. Tonse tinamvetsa kuti zimene zili m'bwato ndi zomwezo, zikatha palibe kokatenga zina.

Koma za kabotolo zinayamba kale nkhondoyo isanatifike, m'chaka changa chachinayi pa banja. Munali m'mwezi wotentha mvula isanagwe, nthawi imene ankafukula mitu yonse, kuigawa ndi mpeni kuti ichuluke, n'kuibzalanso. Chaka chimenecho inali itapitirira makumi asanu ndi limodzi. Atangomaliza kubzala, mphukira zitayamba kusuzumira, kunabwera uthenga wa maliro kwa Mbenje, ndipo anapita masiku atatu. Luwisi anali atabwera kumene kuchokera ku nzimbe. Tsiku lachiwiri ndinadutsa kuseri kukatola nkhuni, ndinaona dothi la m'bwato litang'ambika ndi dzuwa, mphukira zitazyolika. Ndinawamvera chisoni. Ndinaganiza za lamulo lija, koma ndinati madzi okha si kugwira. Ndinatunga ndowa imodzi, ndinathira, ndinabwerera ku ntchito zanga. Sindinabise, ndipo atabwera ndinawauza ndekha. Anangoti hmm.

Patapita masabata awiri mvula inagwa yamphamvu, kenako kunatentha ngati m'ng'anjo. M'mawa wina ndinawamva kuseri akuyankhula okha. Mitu inali itayamba kufewa pakhosi. Ukaitsina inkatuluka madzi abulauni onunkha ngati mbatata yowolera m'nkhuti, ndipo pamwamba pake panali chuku, timaulusi toyera ngati thonje. Tsiku loyamba inali itatu. Pofika Loweruka inali khumi ndi umodzi.

Anadikira masana, nthawi imene alongo awo, a Ntsai, ndi amayi ena a pafupi anali pabwalo pathu kupuntha mapira. Anabwera ndi mutu umodzi wowola pa tsamba, anauika pansi pakati pathu.

"Mbani wakhudza bwato langa?"

Iwo ankadziwa, ine ndinkadziwa.

"Mai a Rozina, Luwisi anali pano tsiku lija?"

"Anali pano, ababa."

"Ndipo inu munapita kuseri."

"Ndinangothirira, ababa. Sindinagwire."

"Mwadula mankhwala anga. Zimene anasenza a Nyakhuwa pa nsalu, inu mwazipha ndi ndowa imodzi."

Sanakweze mawu, ndicho chimene chinandiopsa. Anatola tsamba lija n'kubwerera kuseri. A Ntsai anasiya ndodo yopunthira, anandiyang'ana, anayang'ana anzawo. Pofika madzulo nkhani inali itafika ku mjigo, ndipo Lamulungu inali itafika kutchalitchi. Kuyambira pamenepo ndinali mkazi amene sadzisunga, amene anadula mankhwala a apongozi ake. Mwana akabadwa m'mudzi, amayi ankapatsirana khanda n'kundidumpha ine. Pa maliro ndi pa ukwati ankandipatsa ntchito yotunga madzi, ku miphika ya ndiwo ayi. Luwisi ndinamuuza atabweranso. Anakanda m'mutu, anati akuluakulu sitilimbana nawo, zidzaiwalika. Lolemba anakwera basi.

Zimene anachita a Zuze miyezi yotsatirayo ndinkazionera pa mipata ya mpanda, chifukwa kuseri kunali koletsedwa kwa ine. Sindinaonepo munthu akulimbana ndi chinthu ngati mmene analimbanirana ndi chuku chija. Anayamba ndi phulusa lokha, sizinathandize. Anayesa madzi a fodya, zinapitirira. Mlangizi uja, pofuna kukonza ubale, anabwera ndi mpope wake nawaza mankhwala a thonje pa mzere umodzi. Masamba anapsa, pansi kuwola kunapitirira, ndipo mnyamatayo anathawa pa njinga chipewa cha mlaza chikumutsatira m'mwamba. Mitu inatsika kufika pa makumi awiri.

Kenako anafukula yonse yotsala. Anataya dothi lonse kutali kudambo, anayatsa udzu m'kati mwa bwato mpaka linada, anakatuta dothi lina pachulu china. Anasema kamtondo kawokawo, poti wanga sakanaugwiritsa ntchito. Za nimu anazitenga ku nkhokwe, chifukwa anaona kuti mapira amene timaika ndi masamba a nimu sachita chuku msanga. Za adyo anazikumbuka ku khichini ya Mpwitikizi wina kumene anagwirako ntchito ali mnyamata, amene ankapaka adyo pa nyama kuti isaonongeke. Anayala mphasa pamthunzi, anandanda mitu m'magulu anayi. Ina anaiviika m'madzi a masamba a nimu osinja, ina m'madzi a adyo, ina m'zonse ziwiri, ina anaisiya yokha. Tsiku lililonse ankagwada pa mphasa paja kununkhiza gulu ndi gulu, ngati galu wa alenje. Yosiyidwa yokha inatha yonse. Ya nimu yekha ndi ya adyo yekha inafa theka. Ya zonse ziwiri inauma bwino pa bala, ndipo anaipaka phulusa n'kuibzala. Inapulumuka isanu ndi inayi.

Anthu anati a Zuze agonjetsa tsoka limene linabwera ndi mpongozi. Iwo sanatsutse. Anamanga kadenga ka bango pamwamba pa bwato koti azitseka mvula ikachuluka, ndipo kuyambira chaka chimenecho manja awo, malaya awo, ngakhale khadi la m'chipewa, zonse zinkanunkha adyo. Mitu inachulukanso pang'onopang'ono. Ine ndinabereka ana ena atatu, ndinalima thonje, ndinapatula mbale. Poyamba ndinkalira ku dimba. Kenako ndinasiya, osati chifukwa ndinakhululuka, koma chinthu ukachisenza tsiku lililonse phewa limachita dzanzi.

Chaka chawo chomaliza maso anachita ng'ala ndipo manja anayamba kunjenjemera, moti phala linkatayikira pa malaya. Mwezi wotentha utafika, tsiku lina masana pakhomo palibe munthu, ndinamva akuitana kuchokera kuseri.

"Mai a Rozina."

Ndinaima pa mpanda. "Ndabwera, ababa."

"Lowani."

"Kumeneko sindilowa, ababa."

"Ndati lowani."

Ndinalowa, ndinagwada chapatali. Anali atakhala pa kampando kawo, mitu ili pa mphasa, beseni la madzi obiriwira lili pambali. Chala chawo chimodzi chinali chokulunga kansanza ka magazi. Anaika mpeni pansi, anaukankhira kwa ine ndi phazi.

"Itatu iyi yayamba. Ndikumva fungo koma sindikuona podula. Dulani inu."

"Luwisi wachoka dzulo, ababa. Ndine wotentha."

"Nkhabe, zilibe kanthu. Tengani mpeni."

Sindinautenge. Analozetsa nkhope ku mtengo wa nimu.

"Chaka chija," anatero, "mutu umodzi unali ndi kadontho kabulauni. Ndinaudula, ndinapitiriza kugawa inayo ndi mpeni womwewo, osapukuta. Yonse imene mpeni unadutsamo pambuyo pake ndi imene inawola. Ya kumapeto kwa bwato, imene sindinaigawe, munaithirira inunso, koma sinawole. Unali mpeni."

Ndinamva nkhuku ikupalasa kuseri kwa mpanda. Ndinayembekeza kuti m'chifuwa muchita chinachake. Simunachite kanthu.

"Munadziwa liti, ababa?"

"Chaka chomwecho. Pa mphasa paja."

"A Ntsai akudziwa?"

Anafufuza beseni ndi dzanja, analikokera pakati pathu.

Ndinatenga mpeni. Anandiphunzitsa monga aphunzitsira munthu amene alibe naye mlandu. Dulani mpaka mufike poyera, musamvere chisoni mnofu. Mukadula kamodzi, viikani mpeni m'beseni, werengani mpaka khumi, kenako mudule kwina. Masamba a nimu akhale okhwima, manja awiri odzaza, adyo mitu itatu, musinje pamodzi, madziwo agone, mawa musefe pa nsalu. Mutu ukhale m'madzi nthawi yoti munthu n'kupita ku mjigo n'kubwera. Muyanike pamthunzi masiku atatu, bala likauma mupake phulusa lozizira. Chowola musataye pafupi, mukatenthe. Ndikadula ankatenga mutu uja, kuupapasa, kuununkhiza, n'kunena kuti pyadidi, ndiye kuti zabwino. Anatero katatu. M'zaka zonse zija sanayamikirepo chinthu chochokera m'manja mwanga koposa apo.

Dzuwa litapendeka ndinaphika mlamba. Ndinaima ndi mchere m'manja pamwamba pa mphika, osadziwa chochita. Kenako ndinapatula mbale yawo monga mwa masiku onse. Ndinagwada, ndinaika pansi. Anati takhuta. Dzanja linakwera pakhoma, linapapasa, linapeza kabotolo. A Ntsai anali pakhonde pomwepo akusenda mtedza.

Miyezi inayi yotsatira ndinali maso awo ndi manja awo. M'mawa uliwonse ndinkalowa kuseri, kufukula ndi chala, kununkhiza, iwo atakhala pa kampando akufunsa mzere ndi mzere. Mphuno yanga inaphunzira. Koma akamva mawu a alongo awo panjira ankanong'ona kuti tulukirani uku, ndipo ndinkatulukira pa kampata ka kumbuyo, kuzungulira m'mapira, n'kufika pabwalo ngati ndikuchokera ku dimba. Kamodzi kokha ndinawafunsa ngati adzawauze anthu. Anati adzanena Luwisi akabwera, onse ali pamodzi. Luwisi anabwera, anapita. Anabweranso, anapitanso. Munthu amene sankaopa akatekisiti, amene anaponya chipewa kwa mlangizi wa boma, ankaopa kunena mawu awiri aja pamaso pa mlongo wake.

Anamwalira mwezi wa mvula yambiri, atadwala masiku asanu. Tsiku lachinayi nyumba inali yodzaza, a Ntsai ali kumutu, Luwisi ali kumiyendo, ine ndili pakhomo ndi phala. Anatsegula maso oyerawo, anafunsa ngati mai a Rozina alipo. Anthu anati alipo. Milomo inagwedezeka kanthawi.

"Kadenga," anatero. "Mutseke kadenga, mvula ikubwera."

Sananenenso china chomveka.

Maliro atatha, abale anakhala pansi kugawa za malemu, ndipo bwato linaperekedwa m'manja mwa a Ntsai, poti ndi okalamba, amuna awo anamwalira kale, ndi ozizira. Chinthu choyamba chimene ananena, anthu onse akumva, n'chakuti uyu asayandikire kuseri, tisaonenso zija. Palibe anadabwa. Ine ndinali ndikutsuka mbale ndipo ndinapitiriza kutsuka.

A Ntsai ankawakonda achimwene awo, zimenezo sindingawanamizire. Ankabwera tsiku lililonse. Anachotsa kadenga kuti mankhwala amwe mvula ya Mulungu. Anathiramo ndowe za m'khola kuti anenepe. Patapita masabata awiri fungo linandipeza ndili pa mtondo, iwo asanaone kanthu. Atayamba kuona, anabwera ndi mpeni wa kukhichini kwawo, anakhala pa kampando kaja, n'kuyamba kudula mutu ndi mutu, akupukutira mpeni pa nsalu yawo. Ndinaima pa mpanda.

"Azakhali, mpeniwo muziuviika m'madzi a nimu ndi adyo mukadula kamodzi. Ababa ankatero."

Sanatembenuke. "Inu munaona liti zimene ankachita achimwene kuno?"

Ndikanayankha. Ndikanati ndinalowa miyezi inayi, ndipo iwo akanati ndiye chifukwa chake zikuwola. Ndinaona kuti njira zonse zikubwerera kwa ine.

"Tsekani pakamwa, mai a Rozina," anatero. "Munatiphera kamodzi, zakwana."

Tsiku lomwelo ndinathyola masamba a nimu ku mtengo wa kumsewu, ndinasinja ndi adyo mu mtondo wanga, madzi anagona, m'mawa ndinasefa. Beseni ndinaliika pa khomo la mpanda pomwe akanaliona. Linakhala pamenepo masiku atatu, nkhuku zikumwamo n'kupukusa mitu. Tsiku lachinayi ndinakalitaya kudzala. Luwisi atabwera ndinamuuza zonse, za mpeni, za miyezi inayi. Anandikhulupirira, ndikuganiza. Anati koma mwini wake wapita, ndani angachitire umboni, zisiyeni. Pofika nthawi yokolola mapira m'bwato munalibe tsamba ngakhale limodzi. A Ntsai anauza anthu kuti mankhwala atsatira mwini wake, ndipo ena anawonjeza kuti pakhomo paja pali munthu wa dzanja loipa. Sabata yatha mtsikana wa kwa aneba anabwera ndi khanda lolira, mkaka wake sukutuluka, kudzafunsa ngati panatsala kaufa kalikonse. Ndinamuuza kuti palibe. Khandalo anali atalifungatira mbali ya kutali ndi ine.

Tsopano kuseri kulibe wondiletsa, poti kulibe choti n'kuononga. Ndinapitako dzulo. Mpanda wa bango wagwa mbali imodzi. Mphanda imodzi yadyedwa ndi chiswe, ndipo bwato lapendekeka, dothi likutayikira pansi pang'onopang'ono mvula ikagwa. Kumutu kwake nkhuku yakuda yaikira mazira. Kamtondo kawo kali chafufumimba patsinde pa nimu, ndipo ukakatembenuza n'kuika mphuno, adyo akumvekabe. Kampando anatenga a Ntsai, koma pamene kankakhala pali timaenje tinayi m'dothi. Mpeni sindinaupeze.

Nyumba yawo sinagwetsedwe, tikusungiramo thonje. Pamwamba pa khoma la khonde kabotolo kakadali pomwepo, chitsononkho chili pakamwa, mchere uli theka, wagwirana ndi chinyezi. Pogawa katundu palibe anakafuna. Dzulo lomwelo ndinaphika makakana, ana atakhala pa mphasa akudikira. Rozina ndi amene anandigwira mkono. Ndinayang'ana pansi, ndinapeza ndapatula kale mbale imodzi, ndisanathire mchere.